Uthenga wa Maliro Umene Unawoletsa Mbatatesi

Mbatatesi yokumbidwa nthaka ili yonyowa sidikira munthu. Aliyense ku Tsangano amazidziwa zimenezi, ngakhale mwana amene sanayambe sukulu. Ukaikumba uthamange nayo. Ukazengereza imayamba kuchita thukuta m'matumba, kenako imodzi pakatikati imafewa, ndipo imodziyo imapatsira zinzake zonse. Chaka chimene bambo anga anamwalira ndinali ndi shedi yodzaza matumba mpaka kudenga, ogula ali ku Blantyre, ndipo chimene chinaima pakati pa ine ndi iwo sanali matope a msewu wathu uja, kapena kusowa kwa lole. Inali imelo. Ndikamafotokoza chonchi anthu amaseka. Aseke, iwo fungolo sanalimve.

Bambo anga anagwira ntchito m'migodi ku Joni ali mnyamata. Anabwerako ndi chifuwa chosatha, sutikesi yachitsulo, ndi mtima wosafunanso kulembedwa ntchito ndi munthu. Anayamba kulima mbatatesi, kenako n'kumasonkhanitsa ya achibale ndi ya anansi kuti azikaigulitsa pamodzi. Patapita zaka anagwirizana ndi kampani ina ya ku Blantyre yopanga tchipisi cha m'mapaketi, kuti izitenga kwa ife chaka ndi chaka. Ifenso tinkatchedwa kampani, koma musaganize zapatali: kachipinda kamodzi pamsika, sikelo, tebulo, kompyuta yakale yoyendera sola, ndi shedi kuseri. Ine, mwana wawo woyamba, ndinali mlembi, woyeza matumba, komanso wokangana ndi madalaivala. Ntchito yomalizayi ndi imene ndinkaitha kwambiri.

A ku Blantyrewo anali ndi lamulo lawo. Aliyense wowagulitsa katundu akhale ndi imelo ya dzina la kampani yake, osati zaulere zija zimene aliyense ali nazo. Nyengo ikakwana uwalembere kuchokera pa imelo yomweyo kuti katundu wakonzeka, uike ndi akaunti ya ku banki, iwo akuyankhe tsiku limene lole ibwere. Zapafoni sankazimva. Ndiye bambo anatsika okha kupita ku boma, kwa achimwene ena okonza makompyuta, a banja lachisilamu limene lili ndi sitolo ya nsalu m'mbali mwa msewu waukulu. Iwowo anatigulira dzina lathu la pa intaneti, limene amati domeni, n'kutitsegulira imelo. Atafunsa nambala ya foni yoti ilembedwe, bambo anapereka yawo. Pa zinthu za kampani sankakhulupirira munthu, ngakhale ine amene.

Analinso ndi chizolowezi china bambo angawo. Akapita ku msonkhano uliwonse wa alimi ankabwerako ndi timakhadi ta anthu m'thumba la jekete: a mabungwe, ogulitsa feteleza, azungu obwera kudzaona minda, abusa, ngakhale munthu amene anangokhala naye mpando umodzi m'basi. Akafika ankati, “Lowetsa onsewa m'kompyutamo. Munthu sataya.” Ine ndinkalowetsa ndikung'ung'udza. Ambiri mwa anthuwo anali atasiya kale ntchito kumene ankagwirako, ena sankatikumbukira n'komwe, koma mayina awo ankangochulukana m'menemo.

Chifuwa chija chinawatenga mvula ili pakati. Ine masiku amenewo ndinali m'nyumba ya maliro ndi amayi anga ndi azimayi ena, mutu wanga sunkagwira. Zoyendetsa mwambo zinali m'manja mwa bambo aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, munthu wofatsa, wamisozi yapafupi, amene ankawakonda akulu akewo kuposa mmene ndinganenere. Kwathu uthenga wa maliro sasankha. Ukamudumpha munthu mmodzi, wamutukwana, ndipo adzakusungira mpaka kumanda ake. Bambo aang'ono anatumiza anthu m'midzi, anaimba mafoni, kenako anakumbukira kuti akulu awo anali ndi anzawo ambiri m'kompyuta. Anaitana msuweni wanga amene ndi mphunzitsi, n'kumuuza kuti, “Maliro n'kulirana. Aliyense amene ali m'menemo amve, usasiye ndi mmodzi yemwe.”

Msuweni wangayo sanasiyedi ndi mmodzi yemwe. Anaunjika mayina onse pa uthenga umodzi, analemba m'Chingerezi ndi zilembo zikuluzikulu zokhazokha kuti ulemu uoneke, anaikapo chithunzi cha malemu, ndipo kumapeto analemba nambala ya foni yotumizirapo chipepeso. Tsiku loika litasintha podikira achibale akutali, anatumizanso. Titaika, anatumiza wina wothokoza, nambala ya chipepeso ija ili pomwepo kwa amene anali asanapepese. Ine ndinazimva pambuyo, ndipo kunena zoona ndinawathokoza. Ndinaona kuti bambo alemekezedwa. Tsoka silinunkha, abale.

Mvula chaka chimenecho sinafune kuleka, ndipo masamba a mbatatesi anayamba kupserera ndi chiwawu. Tikanaisiya m'nthaka ikanawolera momwemo. Tinakumba. Achibale ndi anansi anabweretsa yawo pangolo ndi panjinga monga ankachitira nthawi ya bambo, osafunsa kanthu, akungoti, “Mwana wa malemu, ndi iyi, tidziwa lole ikapita.” Anali azimayi amasiye, anali anthu amene ana awo ankadikira mbatatesi yomweyo kuti abwerere ku sukulu. Ine ndinalandira ndi manja awiri. Ndinkafuna aone kuti kampani sinaikidwe m'manda limodzi ndi mwini wake.

Akaunti ya ku banki ya bambo inali itatsekedwa iwo atamwalira, ndiye ndinali nditatsegula ina. Ndinakhala pa kompyuta, ndinalemba bwinobwino kuti katundu wakonzeka, kuti mwini kampani anatisiya, kuti akaunti yatsopano ndi iyi. Ndinatumiza. Kompyuta inati yapita. Ndinadikira yankho, zii. Kutacha ndinayang'ananso, zii.

Ndinaimba foni ku ofesi yogula katundu ya kampani ya ku Blantyre ija. Anayankha mtsikana wamawu amene sindinkawadziwa, anali watsopano pantchitopo.

“Sitinalandire kanthu, mayi,” anatero.

“Koma kuno ikuonetsa kuti yapita.”

“Kwa ife sinafike. Tumizaninso.”

Ndinatumizanso. Ndinatumiza m'mawa, ndinatumiza masana, ndinasintha mutu wa uthenga n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti mwina aiona msanga. Tsiku lina ndinadina batani lotumizira mobwerezabwereza ngati munthu wogogoda pachitseko cha wogontha. Mtsikana uja yankho lake linali lomwelija. Kenako ndinati, chabwino, ndili ndi imelo yanga yaulere pafoni, ndilemba kuchokera pamenepo. Imeneyo inafika, ndipo kufika kwake kunawonjezera mavuto.

“Iyi si imelo imene tinalemba m'mabuku athu,” anatero mtsikanayo, mawu atazizira. “Ndiye mukutinso akaunti yasintha?”

“Ndakuuzani kuti mwini wake anamwalira! Ndi bambo anga!”

“Pepani mayi. Koma mawu amenewo timawamva kawirikawiri kuchokera kwa akuba. Ine sindingachite kanthu mpaka uthenga ubwere pa imelo ya kampani yanu.”

Ine wakuba? Ine, mpango wakuda uli kumutu? Ndinamuuza mawu amene sindingawalembe pano. Ndinamufunsa ngati anaikapo munthu m'manda chibadwire. Ndinati andipatse bwana wake, iye anati bwana salankhula ndi anthu osatsimikizika, n'kudula foni. Ndinatuluka panja, ndinazungulira kuseri n'kulowa m'shedi. Ndinalowetsa dzanja m'thumba la pansi. Munali mofunda, ndipo chala changa chinalowa m'mbatatesi ina ngati m'phala. Mayo ine! Ndinakhala pansi pompo.

M'mawa mwake ndinakulunga kompyuta m'chitenje ndi pulasitiki, ndinakwera njinga yamoto mpaka ku msewu wa tala, matope mpaka m'mawondo, kenako minibasi mpaka ku boma. Achimwene a makompyuta aja ndinawapeza akuchokera ku mzikiti. Anandipepesa za maliro, anati anamva, uthenga unawafikanso iwo. Atanena zimenezo anakhala ngati akumbukira chinachake, nkhope inasintha. Anayatsa kompyuta yanga, n'kutsegula malo ena amene ine ndinkangowadumpha chifukwa munkadzaza Chingerezi chosamveka ndi manambala. Munali mauthenga obwezedwa osawerengeka.

“Achemwali,” anatero, “imelo zanu zikuchokadi kuno, koma kumene zikupitako zikugwidwa pachipata. Dzina la kampani yanu laikidwa m'gulu la otumiza sipamu, mauthenga achinyengo aja.”

“Waliika ndani? Ndimuonetseni!”

Anandiuza kuti si munthu, ndi makina amene amalondera makalata. Makinawo anaona kampani yaing'ono imene inkatumiza imelo mwa apo ndi apo, mwadzidzidzi yatumiza kwa chikhamu cha anthu nthawi imodzi, ambiri mwa iwo ma adiresi awo anafa kale. Anaona zilembo zikuluzikulu, nkhani ya imfa, ndi nambala yotumizirapo ndalama. Akuba amalemba chimodzimodzi. Ndiye ena mwa olandira, osatikumbukira aja, anadina kuti uthengawo ndi wachinyengo. Ine pobwerezabwereza kutumiza nkhani yosintha akaunti ndinangothira mafuta pamoto.

“Ndiye chipepeso chasanduka umbava?” ndinafunsa. “Makina anuwo kwawo sikufa anthu?”

Anati pali chinanso, ndipo ichi n'cholakwa chawo iwowo. Pamene ankatikonzera imelo, makalata ankadutsa popanda mafunso ambiri, ndiye sanavutike kuikapo zotsimikizira. Anatchula zilembo zake, SPF, DKIM ndi DMARC, ine mutu waima. Anafotokoza kuti choyamba chimauza dziko amene ali ololedwa kutumiza kalata m'dzina lanu, chachiwiri chili ngati chidindo pa kalata iliyonse kuti anthu adziwe kuti yachokeradi kwa inu ndipo sinasinthidwe panjira, chachitatu chimauza olandira chochita ndi kalata yopanda chidindo. Zathu zinalibe ngakhale chimodzi. Dzina loipa, chidindo palibe, ndani akanatitsegulira?

“Ikanipo tsopano,” ndinatero. “Ndikudikira pompano.”

Anatsegula kumene anatigulira domeni kuja, analemba mawu achinsinsi. Kompyuta inati yatumiza manambala otsegulira ku foni imene inalembedwa. Anandiyang'ana.

“Foni ya malemu muli nayo?”

Foni ya bambo inali m'sutikesi yachitsulo ija, pamodzi ndi jekete lawo, wotchi, ndi mapepala awo. Sutikesiyo inali yokhoma, kiyi ali ndi bambo aang'ono. Kwathu katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka abale onse akumane n'kugawa pamaso pa anthu, ndipo ife tinkadikira azakhali, mlongo wawo wa malemu, amene amakhala ku Joni ndipo anati abwera mvula ikatha. Ndinafunsa ngati sitingapite ku kampani ya mafoni kukatenga nambala yomweyo pa khadi lina. Achimwene aja anati n'zotheka, koma afuna makalata a imfa ndi a boma otsimikiza kuti ndine woyenera, ndipo zimenezo sizitha sabata imodzi. Nanga kugula dzina lina latsopano? Anati a ku Blantyre sakalidziwa, tibwerera pomwe paja.

Ndinabwerera ku Tsangano ndikuyankhula ndekha m'minibasi ngati wamisala. Ndinapita molunjika kwa bambo aang'ono. Ndinawapeza pakhonde akusoka thumba. Ndinagwada, ine amene anthu amati mawondo anga ndi ouma.

“Bambo, ndithandizeni. Ndikufuna foni ya malemu. Kanthawi kochepa chabe, ndiwerenge manambala, tiibwezere.”

Anasiya singano. “Mwana wanga, sutikesi imeneyo sindingaitsegule ndekha. Mawa chikasowa chinthu, anthu adzati chiyani? Adzati mng'ono wake analanda katundu wa ana amasiye maliro asanazizire. Ukuwadziwa azakhali ako pakamwa pawo.”

“Ana amasiyewo ndi ine, Bambo! Ndine ndikupempha!”

“Ndikudziwa. Koma mwambo si wa iwe wekha.”

Apo ndinapsa mtima. Ndinaimirira. Ndinawauza kuti zonsezi zabwera chifukwa cha uthenga wawo uja, kuti anaitanira maliro dziko lonse mpaka azungu amene anadya ndi bambo kamodzi kokha, kuti tsopano dzina la akulu awo lili m'gulu la mbava chifukwa cha iwo. Ndinakuwa mpaka anthu a nyumba zoyandikana anatuluka. Bambo aang'ono sanandibwezere. Anangogwira kumaso, mapewa akugwedezeka. “Ine ndimafuna akulu anga aliridwe,” anatero. Ndinachoka ndikulira inenso, koma kiyi sanandipatse.

Tinawaimbira azakhali. Anati, “Mbatatesi ndi mbatatesi, mudzalima ina. Sutikesi ya mlongo wanga musaikhudze ndisanafike.” Zoona? Munthu ali ku Joni, akudya za m'firiji, akundiuza ine kuti mbatatesi ndi mbatatesi!

Masiku otsatirawo tinkakhuthula matumba n'kumasankha. Ine, azimayi awiri aganyu, ndi aliyense amene wabwera kudzafunsa za lole. Yofewa uko, yolimba uku, n'kuyala pansi kuti ipitidwe mphepo, koma mphepo yake inali yachinyontho, nkhungu ikuchokera ku mapiri a ku Mozambiki m'mawa uliwonse. Mulu wa yowola unkakula tikuona. Ndinayesa mavenda a pamsewu. Anabwera, ananunkhiza, anatchula mtengo woti ndikanaulandira eni mbatatesi akanandithamangitsa m'mudzi. Ndipo ngakhale pamenepo ankangofuna matumba ochepa, poti nyengo imeneyo aliyense anali akukumba. Mayi wina wamasiye wa ku mudzi wa kumtunda ankabwera tsiku ndi tsiku. Sankandifunsa kanthu. Ankangokhala pansi n'kuyamba kusankha nafe, maso ali pa matumba ake amene anawamanga ndi nsalu yofiira. Kukhala chete kwakeko kunkandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Amayi anga nthawi yonseyi anali m'nyumba, osatuluka kwenikweni, osayankhula zambiri. Sindinkafuna kuwasenzetsa zina pamwamba pa chisoni. Koma zinthu zitafika pamwana wakana phala ndinalowa kuchipinda kwawo, manja akununkha, n'kuwauza zonse. Anamvetsera osandidula. Kenako anamanga chitenje, anatuluka, n'kutuma munthu kukaitana bambo aang'ono ndi akulu a mpingo awiri.

Anthuwo atakhala pansi amayi anati, “Alamu, tsegulani sutikesi. Awa aone chimene chituluke ndi chimene chibwerere. Alamu anga a ku Joni akadzafika adzakalipire ine. Amuna anga sanasonkhanitse mbatatesi ya anthu zaka zonsezi kuti idzawolere pakhomo pawo.”

Bambo aang'ono anatulutsa kiyi m'thumba. Chivundikiro chitatseguka, fungo la bambo linatuluka, la sopo wawo ndi mankhwala opaka pachifuwa aja. Amayi anatembenukira kukhoma. Ine ndinalibe nthawi yolira. Ndinatenga foniyo, inali itazima kalekale. Ndinathamanga nayo ku ofesi kukaiika pa sola, dzuwa lenilenilo kulibe, mitambo yokhayokha. Itayaka ndinakwera nayo pachulu cha kuseri kwa msika, pamene netiweki ya kwathu imagwira osasokonezedwa ndi ya ku Mozambiki, mkulu wa mpingo mmodzi ali pambuyo panga ngati mboni, akupuma movutikira. Ndinaimbira achimwene a makompyuta pa foni yanga. Iwo anadina kwawoko, manambala anafika pa foni ya malemu, ine n'kuwawerengera mokuwa, mvula ikuwaza.

Achimwene aja anandiimbira madzulo ake. Anati zotsimikizira zonse aziika, tsopano kalata yathu iliyonse izituluka ndi chidindo, ndipo nambala yolembedwa aisintha kuti ikhale yanga. Ndinayamba kuthokoza Mulungu, iwo anandidula.

“Achemwali, musafulumire. Chidindo chaikidwa, koma dzina likaipa siliyera tsiku limodzi. Ndapempha kumene anatilemba m'gulu la sipamu kuja kuti atichotse, koma zimatenga nthawi. Musatumizenso mobwereza. Muzilembera anthu ochepa, okudziwani, amene akuyankheni. Pang'onopang'ono makinawo adzayambanso kukukhulupirirani.”

“Pang'onopang'ono? Mbatatesi mwaiuza zimenezo?”

“Ndiye pitani nokha ku Blantyre,” anatero. “Tengani mapepala onse. Akakuoneni ndi maso.”

Ndikanapita kale, mudzatero. Eya, ndikanapita. Koma mtsikana uja anali atandiuza kuti pageti salowetsa munthu wopanda kalata yomuitana, ndipo kalatayo imabwera pa imelo yomweyo. Ulendo uno ndinati kaya andithamangitse ndi agalu, ndikafika. Ndinabwezera foni m'sutikesi pamaso pa mboni, ndinatenga kalata ya kuchipatala ya imfa ya bambo ndi mapepala a kampani, ndinanyamuka m'mamawa.

Pageti mlonda anandikaniza monga ndinauzidwira. Ndinakhala pamwala pafupi ndi geti, dzuwa la ku Blantyre likundiwotcha, malole odzaza mbatatesi akulowa ndikuona. Iliyonse ikamadutsa ndinkayang'ana matumba ake kuti ndidziwe yachokera kuti. Mlondayo atatopa nane, kapena atandimvera chisoni, anaimba foni m'kati. Patapita nthawi anandilowetsa.

Mtsikana wa pafoni uja anali wamng'ono kuposa mmene ndinkaganizira. Ataona mpango wanga ndi mapepala, anagwetsa maso. Anaitana mnzake wina wa ku ofesi ya makompyuta, ameneyo anafufuza n'kupeza imelo zanga zonse zitatsekeredwa malo ena amene mtsikanayo sankatha n'kuwaona komwe. Zinali m'menemo mulu, kuyambira uthenga woyamba wa maliro uja. Palibe munthu wa pakampanipo amene anali atatsegulapo ngakhale umodzi.

Tili pomwepo chitseko cha m'kati chinatseguka, munatuluka bwana wa ofesi yogula katundu, bambo wachikulire wa imvi. Ndinkamudziwa ndi mbiri yokha, bambo ankamutchula kawirikawiri. Mtsikana uja anamuuza kuti ndachokera ku Tsangano. Nkhope ya bwanayo inawala.

“Ndinu mwana wa madala aja? Ali bwanji? Chaka chino atitaya, eti? Ndinawaimbira kangapo, foni yozima. Ndinati basi, apeza ena owagula bwino.”

Ndinangomupatsa kalata ya kuchipatala. Anawerenga ataimirira, kenako anakoka mpando n'kukhala. Anavula magalasi. Anati iye anangouzidwa kuti pali mayi wina amene akuimba foni kufuna kusintha akaunti ya kampani ya ku Tsangano, ndipo analamula kuti asamumvere, poteteza madala omwewo.

“Koma mayi,” anatero, “bwanji simunatiuze? Munthu amene uja ndinadya naye m'mbale imodzi. Tikanabwera kudzaika.”

Ine ndinaseka. Sindikudziwa kuti kusekako kunachokera kuti, kunangotuluka, koipa, mpaka mtsikana uja anabwerera m'mbuyo. Kenako kunasanduka kulira, ndinalira m'ofesi ya eni ake mmene sindinalirire pa maliro penipeni. Nditatonthola ndinapukuta kumaso n'kufunsa chimene ndinabwerera.

“Bwana, lole ibwera liti?”

Anayang'ana pansi. Anati makina awo sakanaima kudikira ife. Ataona kuti kwathu kuli chete anagwirizana ndi anthu ena a ku Dedza, anasainirana kale, ndipo malole amene ndinawaona pageti anali omwewo. Nyengo ino malo adzaza. Ndinagwada kachiwiri m'sabata imodzi. Ndinati atenge theka, atenge ngakhale ya azimayi amasiye yokha, yanga iwole. Anandifunsa kuti inakumbidwa liti. Nditamuuza anapukusa mutu; anati ngakhale akanafuna, yoteroyo ikafika pa sikelo yawo oyesa akaibweza. Anandigwira dzanja n'kundiimiritsa, anati chaka chamawa ndidzalembe msanga, adzandisungira malo, ndipo anauza wa makompyuta uja kuti dzina lathu alitsegulire. Anandiperekeza mpaka pageti.

Ndinafika ku Tsangano mawa lake dzuwa litapendeka. Fungo linandilandira ndisanatsike panjinga yamoto, pamsika penipeni, anthu akudutsa atagwira mphuno. Kuseri kwa shedi ndinapeza eni mbatatesi atakhala pansi, amva kuti ndikubwera. Amayi analipo. Mayi wamasiye uja anali pafupi ndi matumba ake, madzi akuda akutsika pansi pa matumbawo. Bambo aang'ono anaimirira, chipewa chili m'manja.

“Akuti bwanji, mwana wanga?”

Panjira ponse ndinali nditakonza mawu oti ndidzawalase nawo. Nditawaona mmene anaimiramo, mawuwo anandithawa.

“Akuti pepani,” ndinatero. “Akuti sanamve za maliro.”

“Nanga lole?”

“Kulibe lole, Bambo.”

Palibe amene anakuwa, palibe amene ananditukwana, ndipo ndikanakonda akananditukwana. Mayi wamasiye uja anaimirira, anamasula thumba lake loyamba, n'kuyamba kufunafuna ngati mungatsale yoti akaphikire ana. Bambo aang'ono anavala chipewa, anapita kukatenga makasu awiri, limodzi anandipatsa ine. Tinakayamba kukumba dzenje kumunsi kwa shedi, kutali ndi chitsime.